Kufufuza prime yaikulu: kuyambira pa nthanga za masawu kufika pa madijiti 41 miliyoni

Mu Okutobala 2024 padalengezedwa nambala ya prime yaikulu kuposa ina iliyonse yomwe idadziwikapo. Prime ndi nambala yopitirira 1 yomwe imagawika ndendende ndi 1 ndi iyo yomwe basi. Imalembedwa mwachidule kuti 2^136,279,841 − 1, kutanthauza kuti mundandalike ma 2 okwana 136,279,841, muwachulukitse onse, kenako muchotsepo 1. Ili ndi madijiti 41,024,320. Mutati muikopere m'makope a mapeji 96, mizere 30 pa peji, madijiti 40 pa mzere, mungalowe m'kope la nambala 357 musanamalize. Mutaiyala pa mzere umodzi, madijiti awiri pa sentimita, ingatalike makilomita 205: kunyamuka ku Blantyre, kutsetsereka mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula, n'kufika pa boma la Nsanje ikadalipobe.

Komatu mphunzitsi wa masamu ku Ngabu, ngakhale mwana wa Fomu 3 ku Makhanga, atha kunena molondola dijiti yomwe nambalayi imathera, yomwe imayambira, mtundu wake ndi mitundu yomwe singalowemo, asanaione n'komwe. Nkhani yonse yagona pa chotsala. Nambala yotere sitilimbana nayo yonse. Timangoifunsa kuti, ukagawidwa ndi nambala yakuti patsala zingati?

Konzani kope la timabokosi, pensulo, kakyuleta ya sayansi ndi nthanga za masawu kapena za malambe zodzadza m'manja muwiri. Foni ya Android kapena kompyuta ifunika chakumapeto.

Yambani ndi nthanga

Tengani nthanga 12 muziyale m'mizere yofanana kutalika. Zitheka mizere iwiri ya 6, kapena itatu ya 4. Onjezerani imodzi zikhale 13. Yesani mizere iwiri, itatu, inayi, isanu, isanu ndi umodzi: nthawi zonse pali zotsala. Nambala yopitirira 1 yomwe imangolola mzere umodzi wokha wautali ndiye prime. Mulowa 1 ndi iyo yomwe basi.

Nambala 1 si prime. Izi sizidangolamulidwa chabe. Nambala iliyonse imaphwanyika kukhala ma prime m'njira imodzi yokha, monga 12 = 2 × 2 × 3. Mukalola 1 kulowa m'gululi, 12 akhalanso 1 × 2 × 2 × 3, ndiponso 1 × 1 × 2 × 2 × 3, mpaka kalekale, lamulo lija n'kutha ntchito. Nayo 2 ndi prime, yokhayo yogawika pawiri. Zomwe zimapusitsa ana kawirikawiri ndi 51, 57, 87 ndi 91. Zitatu zoyambazo mulowa 3, ndipo 91 ndi 7 × 13.

Tsopano lembani manambala kuyambira 1 kufika 120, asanu ndi imodzi pa mzere uliwonse. Musalembe khumikhumi monga zimakhalira pa tchati cha ku pulayimale, chifukwa chomwe tikufuna sichioneka. Mizati yachiwiri, yachinayi ndi yachisanu ndi chimodzi yonse ndi yogawika ndi 2, wachitatu ndi wogawika ndi 3. Dulani yonseyo kupatula 2 ndi 3 eni ake, mudulenso 1. M'mizati iwiri yotsalayo dulani zonse zomwe mulowa 5 kapena 7, kusiya 5 ndi 7. Mwatha. Palibe chifukwa chopitira pa 11, poti 11 × 11 ndi 121, yomwe ili kunja kwa tchati. Werengani zotsala: zikuyenera kukhala 30. Zikakhala 31, yang'anani 91 kapena 119.

Njira yosefa chonchiyi imatchedwa ndi dzina la Eratosthenes, yemwe ankayang'anira laibulale ya ku Alexandria zaka zoposa 2,200 zapitazo. Tchati cha mizati isanu ndi umodzi chikuonetsa kuti prime iliyonse yoposa 3 ndi 6k + 1 kapena 6k − 1, k kuimira nambala yathunthu, monga 1, 2, 3. Musalitembenuze lamuloli: 25, 35 ndi 49 ali m'mizati yomweyo koma si ma prime.

Ma prime satha, ndipo Euclid, katswiri wa masamu wachigiriki, adatsimikiza zimenezi kalekale. Chulukitsani ma prime onse omwe muli nawo, muonjezere 1. Aliyense wa iwo akagawa yankholo asiya 1, choncho payenera kukhala prime ina yomwe simunailembe. Apa ambiri amaterereka n'kuphunzitsa kuti yankholo lokha limakhala prime. Ayi: 2 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13 + 1 ndi 30,031, yomwe ndi 59 × 509. Ndiye tikamati "yaikulu kuposa zonse" timatanthauza mwa zodziwika.

Kugawa, ndi pomwe muyenera kulekezera

Kuti muyeze nambala yapakatikati, pezani square root yake, kenako muigawe ndi ma prime onse osapitirira pamenepo. Chifukwa chake n'chakuti mafakita amayenda awiriawiri, wina pansi pa square root, mnzake pamwamba. Wapansiyo akasowa, wapamwambanso kulibe.

Yesani 2,027. Square root yake yangopitirira 45 pang'ono, ndiye ma prime oyesera ndi 14, kuyambira 2 kufika 43. Palibe ndi imodzi yomwe yolowa ndendende, choncho 2,027 ndi prime. Koma patsani kalasi 2,021 muone. Amene atope n'kulekera pa 41 anena kuti ndi prime, pamene ndi 43 × 47.

Kakyuleta sipereka chotsala mwachindunji, ndipo cholakwa ichi chimaononga ntchito yonse yakutsogolo. Mukagawa 2,027 ndi 43 ionetsa 47.139. Chotsala si 139. Tengani 47 yekha, chulukitsani ndi 43 mupeze 2,021, muchotse ku 2,027: chotsala ndi 6. Bwerezani kachitidwe aka mpaka kalowe m'zala.

Njira yogawayi imathera pafupi. Square root ya nambala ya mu 2024 ija ili ndi madijiti oposa 20 miliyoni, pamene asayansi amayerekeza kuti ma atomu a m'chilengedwe chonse chooneka ndi nambala ya madijiti pafupifupi 80 okha. Kulibe makina omwe angamalize kugawa kotero. N'chifukwa chake ofufuza sasankha nambala mwachisawawa. Amasankha yomwe kapangidwe kake kamalola njira yachidule.

Banja la Mersenne

Manambala a mtundu wa 2^p − 1 amatchedwa ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France. Mu 1644 iye adati nambalayi ndi prime p akakhala 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Adaphonya pa 67 ndi 257, ndipo adadumpha 61, 89 ndi 107. Ya 67 idadzaphwanyidwa mu 1903 ndi Frank Nelson Cole: 193,707,721 × 761,838,257,287.

Choyamba kuyang'ana ndi p. Ngati p si prime, musataye nthawi. 2^6 − 1 ndi 63, mulowa 3 ndi 7. 2^9 − 1 ndi 511, yomwe ndi 7 × 73. Kuti muone chifukwa chake, bwererani ku nthanga. M'kalembedwe ka binary, kamene kamangogwiritsa 0 ndi 1, nambala 2^p − 1 ndi ma 1 okhaokha okwana p. Yalani nthanga 9 pa mzere kuimira 511. Zikugawika m'timagulu titatu ta 111, ndipo 111 mu binary ndi 7. Ndiye 7 alowa. Nthanga zikakana kugawika m'timagulu tofanana, nambalayo ili ndi mwayi.

Mwayi chabe, osati chitsimikizo. 11 ndi prime, koma 2^11 − 1 ndi 2,047, yomwe ndi 23 × 89.

Chachiwiri n'chomwe chimapulumutsa thukuta. Ngati p ndi prime yoposa 2, prime iliyonse yolowa mu 2^p − 1 imakhala ya mtundu wa 2kp + 1, komanso ikagawidwa ndi 8 imasiya 1 kapena 7. Onani 23 ndi 89: woyambayo ndi 22 + 1 ndipo pa 8 asiya 7, winayo ndi 88 + 1 ndipo asiya 1. Tsopano yezani 2^13 − 1, yomwe ndi 8,191. Square root ili pakati pa 90 ndi 91, ndiye mwanjira yakale mukadagawa ka 24. Ndi lamuloli, oyesera ndi 27, 53 ndi 79 okha, poti mukungoonjezera 26. Pa 8, 27 asiya 3, 53 asiya 5, onsewo atuluka. Watsala 79 yemwe asiya 7. 79 × 103 ndi 8,137, chotsala 54. Kugawa kamodzi kokha, mwatsimikiza kuti 8,191 ndi prime. Chitani chimodzimodzi ndi p = 23: woyesera woyamba ndi 47, ndipo alowa ndendende mu 8,388,607, ka 178,481.

Kuyeza kwa Lucas ndi Lehmer

Uku ndiye kuyeza komwe kudapangitsa banja la Mersenne kukhala patsogolo. Édouard Lucas adakuyamba, ndipo mu 1876 adatsimikiza pamanja kuti 2^127 − 1, ya madijiti 39, ndi prime. Derrick Lehmer adakuwongola cha mu 1930. Kumagwira ntchito pa p aliyense yemwe ndi prime yoposa 2.

Itchuleni nambala yanu M. Yambani ndi 4. Ichulukitseni ndi iyo yomwe, chotsani 2, gawani ndi M, musunge chotsala chokha. Chotsalacho muchite nacho chimodzimodzi. Bwerezani ka p − 2. Chotsala chomaliza chikakhala 0, M ndi prime. Chikakhala china chilichonse, si prime. Palibe za mwina.

Tiyeni tione ndi p = 7, M = 127, maulendo asanu:

4 × 4 − 2 = 14
14 × 14 − 2 = 194, chotsala 67
67 × 67 − 2 = 4,487, chotsala 42
42 × 42 − 2 = 1,762, chotsala 111
111 × 111 − 2 = 12,319, yomwe ndi 127 × 97, chotsala 0

Ndiye 127 ndi prime. Kwa p = 11, M = 2,047, maulendo ndi 9, ndipo zotsala zikhale izi: 14, 194, 788, 701, 119, 1,877, 240, 282, 1,736. Chomaliza si 0. Zindikirani kuti kuyezaku kwakuuzani kuti 2,047 si prime koma sikunatchule 23 kapena 89. Alipo manambala ambiri a Mersenne odziwika kuti si ma prime koma fakita wawo ngakhale mmodzi sanapezeke.

Zolakwika zimachokera m'malo ochepa. Ena amawerenga 4 woyamba uja ngati ulendo woyamba, n'kuima msanga. Pa 127 aima pa 111 n'kuikana prime yeniyeni. Ena amaiwala kutenga chotsala pa ulendo uliwonse, ndiye madijiti amawirikiza kawiri nthawi iliyonse, pofika ulendo wachisanu kakyuleta yadzadza. Choopsa kwambiri n'chakuti kuphonya dijiti imodzi pakati sikuonekera. Mumapitirira bwinobwino n'kupeza yankho looneka laulemu koma labodza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gawani kalasi m'magulu awiri osaonerana, afananize chotsala pa ulendo uliwonse wachitatu.

Dziwaninso malire a chida chanu. Kakyuleta yoonetsa madijiti 10 ikwanitsa p = 13, koma pa p = 17 M ndi 131,071, ndipo kuchulukitsa kwake kutha kufika madijiti 11, omalizawo n'kubisika. Excel imasunga madijiti 15 okha: pa 17, 19 ndi 23 ikuyenderani, pa 31 ikunamizani mosachenjeza, pamene 2,147,483,647 ndi prime yomwe katswiri wa masamu Leonhard Euler adatsimikiza mu 1772.

Pa foni kapena pa kompyuta

Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, samadula madijiti, ndipo pa Android imayenda kudzera mu Pydroid 3. Lembani mizere iyi, mzere wachisanu muulowetse mkati ndi mipata inayi:

p = 127
M = 2**p - 1
s = 4
for i in range(p - 2):
    s = (s*s - 2) % M
print(s == 0)

Ikalemba True ndi prime. Ntchito yomwe Lucas adaivutikira pamanja itha musanaphethire. Yesani 61, 89 ndi 107 zomwe Mersenne adadumpha, kenako 67 ndi 257. Pitirizani ndi 521, 607, 1279, 2203 ndi 2281, zomwe Raphael Robinson adapeza mu 1952 pa kompyuta yotchedwa SWAC ku Los Angeles. Samalani chizindikiro: mu Python pawa ndi nyenyezi ziwiri. Mukalemba 2^p imachita china, osadandaula. Mukafika pa p = 19937 n'kufuna kuona M yonse ya madijiti 6,002, Python watsopano akana kulemba nambala yopitirira madijiti 4,300. Kuwerengera kwake kuli bwino, ndi kuonetsa kokha komwe kwatsekedwa. Tsegulani poika mizere iwiri pamwamba: import sys, kenako sys.set_int_max_str_digits(0).

Nambala yomwe si ya Mersenne imayezedwa mwanjira ya Fermat, katswiri wa masamu wa ku France. Ngati n ndi prime, 2^(n − 1) ikagawidwa ndi n imasiya 1. Mu Python mulemba pow(2, n - 1, n). Yankho likakhala losiyana ndi 1, n si prime, nkhani yatha. Likakhala 1, mwangopeza woganiziridwa. 341, yomwe ndi 11 × 31, imadutsa. 561, yomwe ndi 3 × 11 × 17, ndi yochenjera koposa: imadutsa ndi nambala iliyonse yomwe mungaike m'malo mwa 2, bola isakhale yogawika ndi 3, 11 kapena 17. Yotere imatchedwa ya Carmichael, ndipo imagwidwa ndi kuyeza kwa Miller ndi Rabin. Pa banja la Mersenne musagwiritse 2 ngakhale pang'ono, chifukwa p akakhala prime onse amadutsa, ndi 2,047 yemwe. Ikani 3: pow(3, 2046, 2047) ipereka 1,013, bodza n'kuululika.

Mukafuna kudzipezera prime ya madijiti pafupifupi 100, dziwani kuti kumeneko pafupifupi nambala imodzi mwa 230 iliyonse ndi prime. Chiwerengerochi mumachipeza pochulukitsa madijiti ndi 2.3. Mukataya zogawika ndi 2, 3 ndi 5, mwayi ufika pa imodzi mwa 61. Yambani pa 10^100 + 1 muziyesa mokwera; woyamba kudutsa akhale 10^100 + 267.

Kudzaza chiphaso cha nambala yaikulu ija

Tsopano tengani p = 136,279,841 ndi kope lanu.

Kuchuluka kwa madijiti: chulukitsani p ndi log 2, tayani zakuseri kwa dontho, onjezerani 1. Pano pali msampha wokoma kuwonetsa a Fomu 3 ndi 4. Mukagwiritsa 0.30103 wa pamtima, mupeza 41,024,320.5, yankho n'kukhala 41,024,321, lomwe lapitirira ndi dijiti imodzi. Ndi 0.301029995664 mupeza 41,024,319.945, yankho 41,024,320. Kusiyana kwa log awiriwo n'kochepetsetsa, koma kwachulukitsidwa ka 136 miliyoni. Dinani batani la log pa kakyuleta, musalembe ya pamtima.

Poyambira: musataye 0.945 uja. 10^0.945 ndi 8.81, choncho nambalayi imayamba ndi 88.

Pothera: mapawa a 2 amathera 2, 4, 8, 6, n'kubwereranso, anayianayi. Gawani p ndi 4. Poti 4 alowa mu 100, yang'anani 41 yekha: asiya 1. Ndiye 2^p ithera 2, kuchotsa 1 ithera 1. Madijiti awiri omaliza amazungulira pa 20. p asiya 1 pa 20, ndiye yang'anani 2^21, yomwe ndi 2,097,152. Musagwiritse 2^1, chifukwa kuzungulirako kumayambira pa 2^2. 52 kuchotsa 1: nambalayi imathera 51.

Mzati wake pa tchati chija: 2 wokwezedwa ku pawa yosagawika pawiri amasiya 2 akagawidwa ndi 3, choncho M asiya 1. Ndi 6k + 1, monga 7, 31 ndi 127. Pa 4 imasiya 3, poti 4 alowa mu 2^p. Izi zili ndi tanthauzo. Ma prime a 4k + 1 amalembeka ngati masikweya awiri ophatikiza, monga 13 = 4 + 9 ndi 41 = 16 + 25. A 4k + 3 salembeka choncho. Ndiye pa madijiti 41 miliyoni onsewo tanena motsimikiza kuti masikweya awiri oikwanira kulibe.

Kodi ili ndi mphasa? Mapasa ndi ma prime awiri osiyana ndi 2, monga 41 ndi 43, kapena 2,027 ndi 2,029. Kumtunda kulibe: M + 2 ndi 6k + 3, mulowa 3. Kumunsi, M − 2, tchati sichiletsa, monga 5 ndi 7 kapena 29 ndi 31, koma 125 ndi 127 zikuonetsa kuti si nthawi zonse. Kodi ndi ya Sophie Germain, ija yoti mukaiwirikiza n'kuonjezera 1 mupezanso prime, monga 11 ndi 23, kapena 41 ndi 83? Ayi. 2M + 1 ndi 12k + 3, mulowanso 3.

Chomwe imabala ndi nambala yangwiro, ija yomwe mafakita ake onse kupatula iyo mwini akaphatikizidwa amaibwezera: 28 = 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Chulukitsani M ndi 2^(p − 1). p = 2 apereka 6, p = 3 apereka 28, p = 5 apereka 496, p = 7 apereka 8,128. Euclid adaonetsa kuti njirayi imagwira, Euler n'kutsimikiza kuti nambala yangwiro iliyonse yogawika pawiri imabadwa choncho. Ya p wathuyu ili ndi madijiti 82,048,640. Dzitsimikizireni pochulukitsa (2 × p) − 1 ndi log 2.

Polemba udindo wake m'banja, lembani kuti ndi ya 52 mwa zodziwika, osati ya 52 basi. Pomwe inkalengezedwa, si ma p onse apakati pa iyo ndi 82,589,933, wa mu Disembala 2018, omwe anali atayezedwa.

Mabanja ena, mwachidule

A Fermat ndi 2 wokwezedwa ku pawa yomwe nayonso ndi pawa ya 2, kuonjezera 1. Odziwika ndi asanu okha: 3, 5, 17, 257 ndi 65,537. Fermat ankaganiza kuti onse ndi ma prime, koma mu 1732 Euler adaonetsa kuti wotsatira, 4,294,967,297, ndi 641 × 6,700,417. Uyu amakwana pa kakyuleta. Apatseni ana achulukitse okha.

A ma 1 okhaokha m'kalembedwe kathu ka masiku onse ndi 11, kenako wa ma 1 okwana 19, 23, 317 ndi 1,031. Lamulo la nthanga lija likugwiranso: kuchuluka kwa ma 1 kukhale prime, ngakhale 111 ndi 3 × 37. Owerengeka chimodzimodzi chakutsogolo ndi chambuyo, monga 131 ndi 929, ali ndi lamulo lawo: madijiti akakhala ogawika pawiri, 11 alowa, choncho kupatula 11 mwini musafufuze a madijiti anayi kapena asanu ndi imodzi. Mabanja awiriwa amadalira kalembedwe, ndipo ndi zokometsera chabe poyerekeza ndi a 4k + 1 kapena a Mersenne.

Wina akakuuzani kuti ma prime a madijiti mamiliyoni ndi omwe amateteza ndalama za pa intaneti, mukonzeni. Njira ya RSA, ya mu 1977, pa kiyi wa mabiti (madijiti a binary) 2048 imagwiritsa ma prime awiri achinsinsi a madijiti pafupifupi 309 iliyonse. Prime yomwe dziko lonse likuidziwa singatseke kanthu.

Ngati mukufuna kulowa nawo m'kusaka

Gulu la GIMPS, lomwe George Woltman adayambitsa mu 1996, limagawira anthu odzipereka ma p oti ayeze ndi pulogalamu yaulere ya Prime95. Nambala ya mu 2024 adaipeza ndi Luke Durant wa ku San Jose, California, pogwiritsa makina ambirimbiri a GPU (mapurosesa owerengera zinthu zambiri nthawi imodzi) obwereka kudzera pa intaneti. Pa 11 Okutobala makina a ku Dublin adaidutsitsa pa kuyeza kwa Fermat ndi 3, ndipo pa 12 ena a ku San Antonio, Texas, adaitsimikiza ndi kuyeza kwa Lucas ndi Lehmer. Bungwe la Electronic Frontier Foundation lidaika $150,000 kwa woyamba kupeza prime ya madijiti 100 miliyoni. Musagulire kompyuta ndalama imeneyo. Ma prime a Mersenne 52 okha m'zaka zonsezi akukuuzani kukula kwa mwayiwo.

Kwa ife a kuchigwa mdani woyamba ndi kutentha. Prime95 imapanikiza purosesa mosapumira, moti akatswiri amaigwiritsa poyesa ngati kompyuta ndi yolimba. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, laputopu ya m'chipinda cha malata opanda siling'i imafika msanga pa 90 kapena kuposa, n'kudzichepetsa liwiro kapena kuzima. Yambani mu Juni kapena Julayi. Ikwezeni pa timatabwa tiwiri kuti mpweya udutse pansi, osaiika pa matiresi kapena pa nsalu ya patebulo. Pemererani fumbi m'mabowo a fani mwezi ndi mwezi. Ikani pulogalamu yoonetsa kutentha, ndipo ikamadutsa 85 chepetsani ma core (zigawo za purosesa) ogwira ntchito kapena muziyendetsa usiku wokha.

Werengeraninso magetsi. Kompyuta yodya mawati 100 usana ndi usiku imatha mayunitsi 72 pa masiku 30, ndipo p mmodzi wa kukula kwa masiku ano atha kutenga masabata pa makina abwino, miyezi pa laputopu yakale. Ngati ndi kompyuta ya sukulu kapena ya ku ofesi, pemphani chilolezo kwa akuluakulu musanaike. Magetsi akazima simuyambiranso pachiyambi, poti pulogalamuyi imasunga pomwe yafika mphindi 30 zilizonse. Chongofunika musafufute mafayilo a m'foda yake. Intaneti imafunika pang'ono potenga ntchito ndi popereka lipoti, koma kuyeza kukatha pamakhala fayilo ya umboni yoposa 100 MB yoti itumizidwe, ndiye sungirani bandulo.

Pa makina ofooka sankhani ntchito yopepuka: kusaka mafakita a 2kp + 1, monga mudachitira ndi 47 uja, kapena kubwereza ma p omwe adayezedwa kamodzi kokha kale. Pa kubwerezako, makina anu amatumiza mabiti 64 omaliza a chotsala chomaliza, olembedwa ngati zilembo 16. Zikafanana ndi za woyeza woyamba, p ameneyo watsekedwa. Zikasiyana, amapatsidwa kwa munthu wachitatu.